Kabokosi ka Chijapani kasowa pa laputopu yanga, ndithandizeni

Nabanda · Lachitatu 13:04
Mwaswera bwanji nonse, makamaka inu a ku Japan amene kwanu kwada kale. Ine zandivuta kuno ku Zomba. Kabokosi kaja kamene kamayandama pamwamba pa sikirini, kokhala ndi chilembo cha hiragana (zilembo wamba za Chijapani) ndi kachizindikiro kojambulira kanji (zilembo zija zochokera ku Chitchaina), kasowa pa laputopu yanga. Sabata yatha kanalipo bwinobwino. Lero ndatsegula Word kuti ndimalize kalata yopita kwa sensei, aphunzitsi a ku Japan, amene ndikuwapempha kuti adzandiyang'anire pa maphunziro, koma chilichonse chimene ndikulemba chikungotuluka m'zilembo zathu zomwezi. Ndadina Alt ndi Shift mpaka chala chawawa. Kalatayo iyenera kupita Lachisanu.

Ngoni wa Magalimoto · 13:07
Lembani pa foni asisi, nkhani yatha. Ine Chijapani changa chonse chimathera pa foni.

Nabanda · 13:09
Achimwene, ndi masamba atatu, ndiponso ali mu fomu ya Word imene anatumiza okha, yokhala ndi timabokosi todzaza. Pa foni ndayesa, mizere yonse yabalalika.

Nachisale · 13:11
Pepani asisi. Tayambani mwagwira batani la Windows, lija lili ndi kawindo, kenako dinani Space. Pamayenera kutuluka kamndandanda kumanja koonetsa zilankhulo zimene zili mu kompyuta. Mukaona Japanese Microsoft IME, sankhani pomwepo. IME ndiyo pulogalamu yolembera Chijapani.

Nabanda · 13:13
Ndayesa. Kungokhala ngati ndikudina thabwa. Chijapani sichikubwera.

Nachisale · 13:14
Nanga pansi kumanja, pafupi ndi wotchi, pali palembedwa ENG kapena pali chilembo A?

Nabanda · 13:15
Palibe. Koma kunena zoona pamenepo sipanakhalepo chilichonse chiyambire. Ine ndimangodziwa kabokosi kapamwamba kaja basi. Anandiikira ndi aphunzitsi athu a Chijapani asanabwerere kwawo.

Mdala wa ku Tsukuba · 13:24
Ndangofika kunyumba kumene, ndiloleni ndikhale pansi kaye. Nachisale, funso lakolo ndi labwino, koma tisanamuyendetse mwanayu uku ndi uku, tigwirizane kaye kuti chimene chasowacho n'chiyani. Anthu akati "language bar" amakhala akunena zinthu zitatu zosiyana, ndipo malangizo a chimodzi sagwira pa chinzake. N'chifukwa chake mukafufuza pa intaneti mumapeza mayankho khumi otsutsana, aliyense akulumbira kuti lake ndiye lolondola.

Choyamba ndi kachizindikiro kapansi pafupi ndi wotchi, kaja kamalemba ENG ukakhala pa Chingerezi, ukasintha n'kuonetsa A kapena あ. Kameneko dzina lake ndi Input Indicator. Chachiwiri ndi language bar yeniyeni yakale, imene ife tinaizolowera pa Windows XP ndi Windows 7, yotha kuyandama pa sikirini kapena kukhazikika pa taskbar. Chachitatu n'chatsopano, IME toolbar, chimene chinabwera pamene Microsoft inalembanso IME ya Chijapani pa Windows 10 version 2004, m'chaka cha 2020. Chimayandamanso ngati chakale chija, koma ndi nyama ina, ndipo poyatsira pake ndi pena.

Tsono chinsinsi chake n'chakuti ukayatsa language bar yakale, kachizindikiro kapansi kaja kamachoka kokha. Ziwirizi sizikhalira limodzi. Ndiye Nabanda ponena kuti pafupi ndi wotchi sipanakhalepo kanthu, watiuza kale kuti iye amagwiritsa ntchito yakale ija.

Nabanda, gwira batani la Windows ndi R, ulembe winver, udine Enter, utiuze zimene zalembedwa.

Nabanda · 13:29
Zikomo bambo. Palembedwa Windows 10, Version 22H2.

Fundi wa ku Limbe · 13:33
Ndalowa mochedwa, ndinali ndi kasitomala. Poti ndi Windows 10, pitani ku Settings, kenako Devices, kenako Typing kumanzere. Tsikirani pansi mupeza Advanced keyboard settings. Mmenemo muli kabokosi kochonga kolembedwa "Use the desktop language bar when it's available". Onani ngati n'kochonga. Pansi pake pali Language bar options. Mukadina pamatuluka kawindo kachikale kokhala ndi zosankha zitatu: Floating On Desktop, Docked in the taskbar ndi Hidden. Ngati kadontho kali pa Hidden, vuto lanu ndi limenelo. Munthu akachonga pamwamba paja n'kusiya pa Hidden amataya zonse ziwiri, chapansi ndi choyandama chomwe, n'kumaganiza kuti kompyuta yalodzedwa.

Ngoni wa Magalimoto · 13:35
Kkkk aise, yangatu ndi yolodzedwadi, tidzakambirana.

Nabanda · 13:44
Ndachedwa chifukwa ndimafuna kulemba "keyboard" m'kabokosi kofufuzira ka mu Settings koma zilembo sizimalowa, ndiye ndachita kuyenda ndi mausi. Ndapapeza. N'kochonga, ndipo kadontho kali pa Floating On Desktop. Ndasuntha kupita pa Docked, ndadina Apply, ndabwezeranso pa Floating, palibe chasintha.

Wa Ubuntu · 13:46
Inu mavuto onsewa mumawafuna nokha. Ikani Linux m'malo mwa Windows, muike Mozc yolembera Chijapani, mugone tulo.

Nachisale · 13:47
Wayambatu uyu.

Wa Ubuntu · 13:49
Ndikunena zoona. Super, batani la Windows lija, ndi Space basi, wasintha chilankhulo. Chaka chachinayi chino.

Fundi wa ku Limbe · 13:51
Iwe mwezi watha si unkalira pano kuti Fcitx ndi IBus, mapulogalamu a pa Linux osinthira kalembedwe, akukanganirana kiyibodi? Munthu ali ndi kalata ya Lachisanu, ukumuuza afufute kompyuta yonse?

Mdala wa ku Tsukuba · 13:53
Taimani kaye nonse. Nabanda wanena mawu ofunika kwambiri modutsa, ndipo palibe amene wawatola. Wati zilembo sizimalowa m'kabokosi kofufuzira ka mu Settings. Nabanda, dina Start, uyese kulemba chilichonse, ngakhale dzina lako. Zikulowa?

Nabanda · 13:55
Ayi bambo, sizikulowa. Ndipotu zimenezi zayamba Lolemba. Ndimangoti ndi kiyibodi yayamba kutha, poti laputopuyi ndi yakale. Koma mu Word ndi mu Chrome ikulemba bwino.

Fundi wa ku Limbe · 13:56
Aaa. A Mdala mwaigwira. Ndi ctfmon.

Nabanda · 13:57
Ndi chiyaninso chimenecho achimwene?

Fundi wa ku Limbe · 14:03
Ndi kapulogalamu kakang'ono kamene kamagwira ntchito kuseri, simukaona pa sikirini. Mu Task Manager kamaoneka ndi dzina loti CTF Loader. Ntchito yake ndi kulumikiza kiyibodi yanu ndi zinthu monga IME, language bar, ndi mabokosi olembamo a mapulogalamu atsopano a Windows, monga Start ndi Settings. Word ndi Chrome zimatha kulandira zilembo wamba popanda iko, n'chifukwa chake kumeneko mukulemba. Koma Chijapani sichili ngati Chichewa choti batani limodzi chilembo chimodzi. Ukalemba k ndi a, pamafunika wina pakati woti agwire ziwirizo n'kuzisandutsa か, kenako ukadina Space akupatse mndandanda wa kanji. Wapakatiyo akagona, palibe chimene chingachitike, ngakhale ma Settings onse akhale olondola.

Chitani izi: Windows ndi R, lembani ctfmon.exe, dinani Enter. Sipatseguka windo lililonse, musadabwe. Dikirani masekondi angapo muyang'ane pamwamba.

Nabanda · 14:06
Kabwera!!! Kali pakona pomwe kamakhala paja. Mulungu akudalitseni achimwene. Mu Start namonso zilembo zikulowa.

Ngoni wa Magalimoto · 14:07
Fanta wa Fundi atumizidwe pa foni.

Mdala wa ku Tsukuba · 14:10
Tisavine msanga. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Kapulogalamu kameneka kamayenera kudzuka kokha munthu akangolowa mu Windows. Ngati kachita kudzutsidwa ndi manja, ndiye kuti chilipo chimene chikukaletsa. Nabanda, wati zayamba Lolemba. Kodi kumapeto kwa sabata laputopuyi inapita kwa munthu?

Nabanda · 14:14
Ee, Loweruka ndinapita nayo kwa mnyamata wina wokonza makompyuta m'tauni muno. Imachedwa kwambiri kuyaka. Anaika flash yake, pakutuluka zolemba zambirimbiri pa sikirini yabuluu, n'kundiuza kuti wachotsa zinyalala zonse. Kuthamanga yayambadi kuthamanga.

Fundi wa ku Limbe · 14:19
Ndimadziwa. Anyamata ambiri ali ndi ma script otola pa intaneti amene amazimitsa ma service ochuluka nthawi imodzi kuti kompyuta ipepuke. Sawerenga kuti akuzimitsa chiyani. Safunsa anadya phula. Ndipo sindikuwanyoza kwambiri, chifukwa pa makasitomala awo ndi angati amene amalemba Chijapani? Mwina inu nokha asisi.

Nabanda · 14:21
Ndiye ndichite chiyani? Batire latsala pang'ono ndipo magetsi kuno azima kuyambira 12 koloko.

Fundi wa ku Limbe · 14:22
Sungani kalata yanu kaye, muikenso pa imelo kapena pa flash. Magetsi akayaka muiyatse, mutiuze ngati kabokosiko kabwera kokha.

Ngoni wa Magalimoto · 14:31
Poti asisi apuma, ndilowetse yanga yolodzedwa ija. Ine ndimafuna Chijapani pa kompyuta ya ku ofesi kuti ndizitha kufufuza mawu a pa auction sheet ndi mauthenga aja amatuluka pa dashibodi ya galimoto. Ndinaika Japanese mu Language, pansi pakuoneka bwino, koma ndikangoyamba kulemba pamatuluka uthenga woti Japanese IME is not ready yet. Miyezi iwiri tsopano siili ready. Ikukonzekera ukwati?

Nachisale · 14:36
Kkkk. Achimwene imeneyo inandichitikirapo ndisananyamuke kumudzi. Mukaika chilankhulo, Windows imafunika ikatenge mbali ina pa intaneti, yotchedwa Basic typing, ndipo m'menemo ndi mmene muli dikishonale ya IME. Ikapanda kutsika yonse, IME imakhala ilipo dzina lokha. Lowani mu Language, dinani Japanese, kenako Options, muone ngati Basic typing yalembedwa kuti inalowa kapena pakadali batani la Download.

Ngoni wa Magalimoto · 14:41
Batani lilipo. Ndadina, likungondiyang'ana.

Fundi wa ku Limbe · 14:43
Aise, intaneti ya pa kompyutayo ndi hotspot ya foni yako eti? Ndipo si iwe unandifunsa chaka chatha njira yoletsera Windows kudya bandulo?

Ngoni wa Magalimoto · 14:44
Ndine. Unandiuza ndiyatse metered connection.

Fundi wa ku Limbe · 14:48
Ndiye wadzitsekera wekha. Ukaiuza Windows kuti intaneti iyi ndi yowerengera, imasiya kutsitsa zinthu zambiri zokha, kuphatikizapo za zilankhulo. Pita ku Network & Internet, Wi-Fi, dina dzina la hotspot yako, uzimitse Set as metered connection. Tsitsa Basic typing yokha. Usachonge Speech kapena language pack yonse, zimenezo n'zolemera ndipo sukuzifuna, pokhapokha ngati ukufuna kompyuta yonse iyambe kukulankhula Chijapani. Ikamaliza uyatsenso metered msanga, apo ayi Windows Update ikupeza bandulo ili poyera.

Ngoni wa Magalimoto · 14:50
Ndichita usiku pa bandulo ya usiku. Masana ano ayi, ndalama ya mafuta.

Mdala wa ku Tsukuba · 14:58
Ngoni, ikadzalowa udzayang'ane IME Pad. Pa ntchito yakoyo ndi imene ikuthandize koposa. Kanji ya pa dashibodi sudziwa katchulidwe kake, ndiye sungailembe ndi kiyibodi. Mu IME Pad umaijambula ndi mausi, ngakhale mokhotakhota, iyo n'kukupatsa zofanana nayo kuti usankhe. Pa IME yatsopano umaipeza podina A kapena あ ndi batani lakumanja la mausi. Pomwepo palinso poyatsira IME toolbar, kwa amene akufuna kabokosi koyandama popanda kubwerera ku zakale.

Ine ndagona, kuno yakwana 10 koloko ya usiku ndipo mawa ndili ndi msonkhano m'mawa.

Admin · 15:20
Chonde amene mukutumiza zotsatsa za ma laputopu pakati pa zokambiranazi, ndazifufuta. Tsiku la malonda ndi Loweruka.

Nabanda · Lachinayi 06:12
Mwadzuka bwanji. Magetsi anayaka pakati pa usiku. Ndayatsa laputopu m'mawa uno, kabokosi kulibe. A Mdala munanena. Ndalembanso ctfmon.exe kabwera, koma kodi ndizichita zimenezi tsiku lililonse mpaka kalekale?

Wa Ubuntu · 06:20
Pali njira yachidule. Tsegulani regedit, yosinthira registry momwe Windows imasunga ma setting ake amkati, mupite pa Run, muwonjezere mzere woti ctfmon iziyaka yokha. Ndinkachita choncho ndisanapulumuke.

Mdala wa ku Tsukuba · 06:34
Tadzuka, kuno ndi masana kale, ndili pa nkhomaliro. Njira ya regedit ija imatchulidwa kwambiri ndipo ena imawathandiza, koma ine sindingamutumize Nabanda mu registry tsiku limodzi kalata isanapite. Komanso kumeneko n'kuphimba bala ndi nsalu. Tikudziwa kuti munthu anazimitsa chinachake Loweruka. Tichipeze tichiyatse. Fundi, wadzuka?

Fundi wa ku Limbe · 06:47
Ndadzuka bwana, ndili mu minibasi, mundikhululukire zilembo zikapotoka. Asisi, Windows ndi R, lembani services.msc. Patuluka mndandanda wautali wotsatira alifabeti. Tsikirani ku T mupeze Touch Keyboard and Handwriting Panel Service. Yang'anani pa Startup Type.

Nabanda · 06:53
Ndaipeza. Palembedwa Disabled. Koma achimwene laputopu yanga si ya touch, ndiye zikukhudzana bwanji?

Fundi wa ku Limbe · 07:02
Funso limenelo ndi limene linamupusitsa mnyamata wanu uja, ndi amene analemba script yakeyo. Dzinalo limanamiza. Munthu ukaliwerenga umati ndi za ma tabuleti, ndizimitse. Koma pa Windows 10 service imeneyi ndi imene imadzutsa ctfmon. Pa Windows 11 yatsopano anachita kuisintha dzina, pano imatchedwa Text Input Management Service, lomwe likunena zoona zake.

Dinani kawiri pa dzinalo. Pa Startup type sankhani Manual, ndi mmene imakhalira Windows ikangoikidwa kumene. Dinani Apply, kenako Start, kenako OK.

Musatseke kaye, pali malo achiwiri. Windows ndi R, lembani taskschd.msc. Kumanzere tsegulani Task Scheduler Library, kenako Microsoft, kenako Windows, mutsike mpaka TextServicesFramework. Pakati muona MsCtfMonitor. Ngati palembedwa Disabled, dinani ndi batani lakumanja musankhe Enable. Mukatero yambitsaninso kompyuta, musankhe Restart osati Shut down.

Nachisale · 07:05
Bwanji osati Shut down? Ine ndimayesa ndi chimodzimodzi.

Fundi wa ku Limbe · 07:09
Pali chinthu chotchedwa Fast Startup. Ukapanga Shut down, Windows imasunga mbali ina ya mmene inalili kuti idzayake msanga, ndiye siyambiratu pachiyambi. Restart ndi imene imayamba zonse mwatsopano. Zimaoneka zotembenuka koma ndi mmene zilili.

Nabanda · 07:21
MsCtfMonitor nayo inali Disabled. Ndayatsa zonse ziwiri, ndapanga Restart, kabokosi kabwera kokha osakaitana! Koma abale musatope nane. Pano ndikalemba zikutuluka za Chijapani koma zopanda mutu. Ndalemba ka, patuluka のち. Ndayesa mzere wapamwamba wa kiyibodi kuyambira pa Q, patuluka たていすかん. Ndaononganso chiyani?

Nachisale · 07:24
Kkkkk asisi takulandirani, aliyense wa ife anadutsapo pamenepo. Simunaononge kanthu. Mwalowa mu kana input. Pali njira ziwiri zolembera Chijapani. Ya romaji ndi imene timagwiritsa ntchito ambirife, k ndi a kupanga か. Ya kana ndi yoti batani lililonse lili ndi hiragana yakeyake, monga mmene amalembera pa makiyibodi a kuno. K ndi の, A ndi ち, n'chifukwa chake mwapeza zimenezo. Yang'anani kumapeto kwa kabokosi kanu kumanja, pali timawu tiwiri tating'ono kwambiri, CAPS pamwamba ndi KANA pansi. KANA ikuoneka yodinidwa?

Nabanda · 07:27
Ee, ili ndi mtundu wina. Ndiyenera kuti ndinaigunda dzulo pokakoka kabokosi ndi chisangalalo. Ndaidina, pano ka ikutuluka か.

Nachisale · 07:33
Basi. Ine tsiku langa loyamba mu labu kuno ku Nagoya ndinakhala ola lathunthu ndikulimbana ndi zomwezo, manyazi ondiletsa kufunsa. Pa kiyibodi ya kuno ukagwira Alt ndi batani la katakana hiragana lili kumanja kwa Space umasintha njira ziwirizi, ndipo ine ndinaligunda ndisakudziwa. Kenako ndinavutikanso ndi @. Kwathu ndinazolowera Shift ndi 2, kuno ili payokha kumanja kwa P, ndipo Shift ndi 2 imatulutsa zizindikiro zogwira mawu.

Mdala wa ku Tsukuba · 07:45
Nkhani ya @ imeneyo ikhoza kumupezanso Nabanda, ndiye ndiitchule. Mu Options ya Japanese muli Hardware keyboard layout, pomwe umasankha pakati pa English keyboard 101/102 ndi Japanese keyboard 106/109. Laputopu yogula kumudzi, kaya inachokera ku Joni kaya ku Dubai, nthawi zambiri imafuna 101/102. Ukasankha molakwika zilembo zimalowa bwino koma zizindikiro zimasokonekera, ndipo umazindikira pamene password ikukanidwa. Amene muli ndi ma laputopu ochokera ku UK, okhala ndi chizindikiro cha paundi pa 3, dziwani kuti mukakhala mu IME zizindikiro zina sizigwirizana ndi zolembedwa pa mabatani, poti pa zosankha ziwirizo palibe ya UK.

Ndipo Nabanda, mwana wanga, ndikuuze chimene ndimauza aliyense wobwera kuno. Kabokosiko usakadalire kwambiri. Phunzira mabatani. Pa kiyibodi ngati yakoyo, Alt ndi batani lili pansi pa Esc, kumanzere kwa 1, zimayatsa ndi kuzimitsa Chijapani. Ctrl ndi Caps Lock ndi hiragana, Alt ndi Caps Lock ndi katakana. Ukalemba mawu asanatsimikizidwe, akadali ndi kamzere kunsi, F7 imawasandutsa katakana, zilembo zolembera mayina ndi mawu akunja, F6 imawabwezera ku hiragana, F10 imawapanga zilembo zathu. Dzina la dziko lathu ungolemba maraui n'kudina F7, lituluka マラウイ. Ukadzafika kuno makompyuta a ku laibulale sudzaloledwa kuwasintha ma Settings, udzangokhala ndi zala zako.

Nabanda · 07:52
Ndalemba zonse m'kope bambo. F7 ndimaifuna kalekale, dzina langa ndimachita kukopera kuchokera mu imelo yakale nthawi zonse.

Wa Ubuntu · 07:55
Ngati mukukakamira Windows, bola ikani Google Japanese Input. Pa mayina a anthu ndi a malo imaposa ya Microsoft kutali. Mozc imene ndimanena ija ndi m'bale wake.

Mdala wa ku Tsukuba · 08:03
Apa pokha ndikuvomereza pang'ono, pa mayina ndi mawu atsopano imachita bwino. Anzanga ena achikulire kuno salola china chilichonse koma ATOK, yolipira, ya kampani ya JustSystems. Koma dziwani kuti zonsezi zimadalira ctfmon yomweyo. Nabanda akanaika ya Google dzulo, akanangoononga bandulo, vuto likanakhala pomwepo.

Mayi a Mapasa · 08:16
Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Ine yanga ndi Windows 11 ndipo ndikufuna kabokosi kakhale pa taskbar ngati kale, koma Docked in the taskbar ndi yotuwa, siikudinika. Nanenso anandizimitsira kanthu?

Fundi wa ku Limbe · 08:24
Ayi mayi, yanuyo ili bwino. Taskbar ya Windows 11 anaimanga mwatsopano ndipo silandira language bar yakale, ndiye imatuwa choncho kwa aliyense. Mwatsala ndi kuyandamitsa, kapena kuchotsa chochonga chija kuti A ndi あ zibwerere pafupi ndi wotchi. Kwa inu njira yake ndi Time & language, kenako Typing, kenako Advanced keyboard settings. Ine ndikanakhala inu ndikanachotsa chochongacho n'kuyatsa IME toolbar yatsopano. Mukaumirira bar yakale yokhala ndi mabatani ake onse ngati ya Nabanda, muyenera kulowa mu Settings ya Microsoft IME, pa General, pansi penipeni pa Compatibility, n'kuyatsa Use previous version of Microsoft IME. Aphunzitsi a Nabanda aja ayenera kuti anachita zimenezo.

Mayi a Mapasa · 08:29
Ndachotsa chochonga, kabwera pansi. Koma pena pamaoneka kachizindikiro ka X m'malo mwa A.

Nachisale · 08:31
Imeneyo si vuto mayi. Imatanthauza kuti pamene mwadina si malo olembapo, kapena ndi bokosi la password. Dinani m'kati mwa Word muona isintha yokha.

Ngoni wa Magalimoto · 08:40
Lipoti la usiku: Basic typing yalowa, IME yakhala ready patatha miyezi iwiri. Ndajambula kanji yoyamba mu IME Pad, ija imatuluka pa Sienta ya kasitomala wanga. Ndajambula ngati nkhuku yapalasa koma yaizindikira. Koma Fundi, ndinagona osayatsanso metered.

Fundi wa ku Limbe · 08:41
Bandulo?

Ngoni wa Magalimoto · 08:41
Tisakambe.

Fundi wa ku Limbe · 08:49
Kkkk pepa aise. Asisi Nabanda, mawu amodzi omaliza kwa inu. Ngati script ija inazimitsa ziwirizi, mwina inazimitsanso zina zimene simunazigundebe, monga za printer kapena Windows Update. Kalata ikapita mudzandijambulire mndandanda wa services.msc, mutadina pamutu pa Startup Type kuti ma Disabled onse akhale pamodzi, tidzaone limodzi. Komanso Windows 10 Microsoft inasiya kuithandiza mwa nthawi zonse pa 14 October 2025, ndiye nkhani ya laputopuyo tidzaikambanso.

Nabanda · 11:37
Kalata yatha, ndaiwerenga katatu. みなさん、ありがとうございました。 Ndati zikomo nonse, ndipo zimenezi ndalemba ndekha, osakopera. A Mdala, ndingakutumizireni ku inbox muione keigo, mawu aulemu aja, ndisanatumize? Ponena kuti ndinaona, pali pena ndalemba haiken shimashita, pena mimashita, sindikudziwa ngati ndasakaniza.

Mdala wa ku Tsukuba · 11:52
Tumiza. Ndili m'sitima, ndiiona ndikatsika. Ngati ukunena za pepala la sensei limene unawerenga, haiken ndiye yake poti ndi yodzichepetsa, usinthe penapo pafanane. Uikenso deti m'kalembedwe ka kuno, chaka poyamba, kenako mwezi, tsiku pomaliza.